Mayi wa HIV ayamwitse mpaka liti?

Pa ntchito yanga ya unamwino ndi uzamba, funso limene silitha m'kamwa mwa amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV ndi lakuti mwana asiye liti bere. Ambiri amabwera ali nalo kale yankho: miyezi 6. Anamva kwa achemwali awo kapena apongozi, ndipo akuluwo sananame, chifukwa zaka za m'mbuyomo zipatala zinkalangizadi choncho. Nthawi imeneyo ma ARV sankafikira aliyense, ndiye madokotala ankaona kuti tsiku lililonse pa bere ndi mwayi wina woti mwana atenge kachilombo.

Malangizowo anasintha chifukwa cha zimene zinaoneka kwa ana osiyitsidwa msanga. Ku Lusaka, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008 anayerekeza ana osiyitsidwa mwadzidzidzi pa miyezi 4 ndi ana amene anapitiriza kuyamwa. Kusiyitsako sikunachulukitse ana okula amoyo opanda kachilombo, ndipo ana omwe anali nako kale ankamwalira msanga akachotsedwa pa bere. Ku Botswana, kumene boma linkagawa ulere mkaka wa m'chitini, mvula yamphamvu ya mu 2006 inaipitsa madzi akumwa ndipo ana mazanamazana anafa ndi kutsegula m'mimba, ambiri mwa iwo osayamwa. Mkaka wa m'chitini ulibe HIV, inde, koma umafuna madzi owiritsa, ziwiya zoyera ndi ndalama zogulira chitini china chikatha. Ndalama ikachepa mayi amasungunula pang'ono m'madzi ambiri, mwana n'kuyamba kunyentchera.

Yankho lina linachokera kwathu konkuno. Kafukufuku wa BAN ku Lilongwe, wa amayi oposa 2,300 ndi ana awo, anaonetsa mu 2010 kuti mayi akamamwa ma ARV, kapena mwana akamamwetsedwa nevirapine, ana otenga kachilombo poyamwa amachepa kwambiri. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, njira yotchedwa Option B+. Mu 2016 bungwe la WHO linanena kuti mayi womwa mankhwala ayamwitse miyezi yosachepera 12, ndipo angathe kufika miyezi 24 kapena kupitirira.

Chinsinsi chake n'chakuti mankhwala amachepetsa tizilombo m'magazi, ndipo tikachepa m'magazi timachepanso mu mkaka. Mayi akamamwa mosadumphitsa, ana otenga kachilombo poyamwa sakwana ndi mmodzi yemwe pa 100. Sitinena kuti chiopsezo chatheratu; n'chifukwa chake timayeza mwana pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Kuno timalangiza kuyamba kuletsa mwana akamayandikira miyezi 22, pang'onopang'ono kwa mwezi wathunthu, kuti kuyeza komaliza kuchitike patapita masabata 6 chisiyire bere.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si kutalika kwa nthawi yoyamwitsa. Ndi mayi amene ankamwa mankhwala mokhulupirika ali woyembekezera, koma atachira n'kuona mwana wonenepa, akuyamba kujomba. Wina sanawauze amuna ake kuti ali ndi kachilombo, ndiye botolo la mankhwala analibisa kudenga ndipo amamwa pokhapokha bambo akachokapo. Tizilombo tikachulukanso m'thupi mwake, mkaka uja umakhala woopsa pomwe mwana akuyamwabe. Palinso mayi amene anayezedwa kusikelo n'kupezeka alibe, koma watenga kachilombo akuyamwitsa. Ameneyu ndiye amapatsira mwana mosavuta, chifukwa kachilombo kakangolowa kumene kamaswana kwambiri.

Miyezi 6 yoyamba ndi ya bere lokha, kuyamwitsa mwakathithi. Madzi, phala, tiyi ndi mankhwala azitsamba amene agogo amafuna kumwetsa khanda amasokoneza matumbo ake anthete, ndipo ana osakanizidwa chonchi amatenga kachilombo kaŵirikaŵiri kuposa oyamwa bere lokha. Ikakwana miyezi 6, yambani phala lothira nsinjiro, bere likupitirira. Bere likatupa kapena nsonga ikachita zilonda, yamwitsani linalo ndipo bwerani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi, musaletse mwana kuyamwa chifukwa cha mantha. Imwani mankhwala tsiku ndi tsiku, m'mwetseni mwana Bactrim wake kuyambira pa masabata 6, ndipo mukabwera kusikelo mutifunse zotsatira za magazi anu. Abambo ndi apongozi, mayi uyu akufunika womukumbutsa nthawi ya mankhwala, osati womuŵerengera miyezi.