Uthenga wa moto usamadalire njira imodzi

Usiku womwe chigafa cha amalume chidapsa kwa Santhe, ndidayesa kuimba foni kasanu, koma netiweki kunalibe. Fodya wa bale wa chaka chonse adasanduka phulusa ife tikuyang'ana. Kuyambira pamenepo ndimajambulajambula mapu, kufuna kuona momwe uthenga wa moto ungafikire msanga kwa ozimitsa moto.

Mwina mukuti, "Ku Kasungu n'kwathyathyathya, chingatchinge uthenga n'chiyani?" Chilipo. Mafunde a wailesi a VHF amayenda pafupifupi mowongoka, pomwe dziko ndi lobulungira, ndiye mlongoti uli ndi polekezera. Yesani samu iyi m'kope: pezani square root ya kutalika kwa mlongoti m'mamita, muchulukitse ndi 3.6. Wa mamita 25 umafika makilomita 18, wa mamita 100 umafika 36 basi. Mwautalikitsa kanayi, mtunda wangowirikiza kawiri! N'chifukwa chake ine ndimayamba ndayang'ana phiri la Kasungu, lomwe ndi lalitali kale, n'kuikapo chida cholandira uthenga ndi kuuponyanso kutali.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa si kutalika. Mukalumikiza Santhe, Chamama ndi Chulu pa chida chimodzicho, mphezi ya mu Febuluwale ikachiwomba, onse ali zii, fodya ali m'zigafa. Choncho pamapu anga dera lililonse lili ndi njira ziwiri, wailesi ndi foni, ndipo chida chilichonse chili ndi batire ndi sola yakeyake. N'zodula, inde, koma amalume mpaka lero akubwezabe ngongole ya feteleza wa fodya uja.