DZANZI LA M'ZALA USIKU: MUSALINYOZE

M'midzi ya ku Madzimoyo ndi kwina konse kozungulira Chipata, manja sapuma ngakhale kukolola kutatha. Amai atongola cimanga, aswa nsawa, asinja ndi kucapa kufikira madzulo. Ena mwa iwo adzidzimuka pakati pa usiku zala zitacita dzanzi ndi kubaya-baya, nayamba kukutumula dzanja kuti apeze bwino. Kawiri-kawiri awa ndi matenda amene madokotala amawachula kuti carpal tunnel syndrome.

Pa mfundo pamene dzanja likumana ndi mkono pali kampata kopapatiza, kozingidwa ndi timafupa 8 ndi kalamba kolimba. M'kati mwake mupita mitsempha 9 yopinda zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi umene upatsa zala kumva. M'kampatamo mukatupa, mtsempha wa kumvawo upanikizika.

Cizindikiro cake n'cakuti dzanzi ligwira cala cacikulu, mkombaphala, cala capakati ndi theka la cala ca mphete, koma kacala kakang'ono kakhala bwino-bwino. Dr George Phalen wa ku America, amene anafufuza matendawa m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti kupinda dzanja kwa mphindi imodzi kumadzutsa dzanzilo mwa odwala ambiri.

Matendawa agwira akazi koposa amuna. Apezeka kwambiri mwa amai apakati, odwala shuga kapena nyamakazi, ndi amene anathyokapo pa mfundoyo. Nchito yolimba ya manja iwakulitsa. Kwa amai apakati dzanzi limakonda kutha akacira.

Kucedwa ndiko kuopsya. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, mnofu wa patsinde pa cala cacikulu ufota, ndipo munthu ayamba kugwetsa makapu ndi kulephera kugwira khasu kapena singano. Mphini sizingatsegule kampatako.

Cotero, awerengi athu, pumitsani manja pogwira nchito, ndipo musagonere dzanja lopinda. Dzanzi likapitirira, pitani ku kiliniki ya kwanuko. Anchito a zaumoyo angakuuzeni kubvala comangira dzanja usiku kuti likhale loongoka, kapena kukutumizani ku zipatala zazikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Mwa ena jekeseni ithandiza. Mwa ena pafunika opaleshoni yaing'ono yodula kalamba kaja.

Cenjezo: dzanzi lokhala ndi mawanga otuwa pa khungu lingakhale khate, limene licizika. Dzanzi lodza mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, kukamwa kutapotoka, lifuna cipatala nthawi yomweyo.