Kodi mumadziwa? Samu imodzi, mayankho 100

Kodi mumadziwa kuti pali mapulogalamu a pakompyuta amene amatha kuwerengera masamu a zilembo, osati a manambala okha? Ena mwa iwo ndi Maple, imene inayambika pa yunivesite ya Waterloo ku Canada mu 1980, Mathematica, imene inatuluka mu 1988, ndi SymPy, yolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python.

Tiyerekeze kuti muli ndi samu iyi: y = ax + 2, ndipo mukufuna kuona mmene y ikusinthira chilembo a chikakhala 1, 2, 3, mpaka 100. Simufunika kuilemba maulendo 100. Mumangouza kompyuta kuti ibwerezebwereze ntchito imodzi, njira imene akatswiri amaitcha loop. Ulendo uliwonse, lamulo la SymPy lotchedwa subs limachotsa a n'kuikapo nambala yotsatira.

Koma apa pali msampha umene umakola ambiri ongoyamba kumene. Mu SymPy, subs sasintha samu yoyambayo, amangotulutsa ina yatsopano. Munthu akasunga yatsopanoyo pa dzina lomwelo la samu yoyamba, chilembo a chimazimirira pa ulendo woyamba womwewo. Maulendo 99 otsalawo kompyuta imasowa choti ichotse, choncho imangobwereza x + 2 mpaka kumapeto, osachenjeza n'komwe.

Njira yopewera zimenezi n'njosavuta: samu yoyamba muisiye monga ilili, ndipo yankho lililonse mulisunge pa dzina lake. Manambala akachuluka kufika masauzande, subs amachedwa, ndiye gwiritsani ntchito lamulo la lambdify.