ZA KUMANGA KHONDE NDI KUPANGANA NDI MMISIRI

Chimanga chalowa m'nkhokwe, udzu wauma m'madambo, ndipo amene anagulitsa fodya, soya kapena mtedza ali ndi kandalama m'manja. Iyi ndiyo nyengo imene mwamuna amaima pabwalo madzulo, nayang'ana nyumba yake, nanena kwa mkazi wake kuti, "Chaka chino timange khonde." Mau amenewa ngabwino. Koma ife amene timayendera midzi pa nchito yophunzitsa katekisimu taona kuti mwezi wa Novembala ukafika, milandu yodza kwa akulu a mpingo siikhala ya maukwati yokha ai. Ina imakhala ya khonde losatha, ndi ya Akristu awiri amene aleka kupatsana moni pakhomo pa tchalitchi, wina mwini nyumba, wina mmisiri. Chifukwa chake tati tilembe zimene taphunzira, zina pofunsa amisiri okalamba, zina polakwa ife tomwe.

Ena ayesa kuti khonde nchokometsera chabe, malo okhalapo munthu akakhuta. Si choncho. Nyumba zambiri za m'midzi mwathu nza zidina, kapena za mdindo, kapena za njerwa zootcha zomangira matope. Ndipo mdani wamkulu wa khoma lotere ndiye madzi otsika padenga, amene amagwa pafupi ndi khoma nathovukira m'munsi mwake. Chaka ndi chaka madziwo amadya tsinde la khoma pang'ono pang'ono, monga mbewa idya dzungu, kufikira tsiku lina khoma ligwa usiku anthu ali m'tulo. Khonde limataya madziwo kutali. Makolo athu anadziwa zimenezi, ndipo nyumba zao zozungulira zinali ndi khonde mbali zonse. Ansembe oyamba, amene anakhazikika pa Nzama mu 1901 ndi pa Mua mu 1902, anamanganso nyumba zao ndi makonde otakata, kaamba ka mvula ndi dzuwa lomwe. Sitinena kuti khonde likadaletsa madzi osefukira a namondwe Ana mu Januwale 2022, kapena matope otsika m'mapiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Pamenepo ngakhale nyumba zolimba zinapita. Koma kutali ndi mitsinje ndi mapiri zinagwanso nyumba zina chifukwa chokha chakuti makoma anamwa mvula masiku angapo osaleka. Tsono khonde ndilo chofunda cha nyumba. Pamwamba pa izo ndipo tilandirira alendo, tiyanika chimanga, tigoneka wodwala kuti aone dzuwa, ndi kuchita korona madzulo banja lonse pamodzi.

Musanaitane mmisiri ali yense, khalani pansi awiri, mwamuna ndi mkazi. Mkazi ndiye adziwa kumene mvula imakankhira, pakuti ndiye amazira khomalo chaka chiri chonse, ndiyenso adzafunsa funso limene amuna amaiwala: "Bambo, madzi a simentiyo adzatunga ndani?" Inu amene muli pa chikamwini, dziwitsaninso mwini mbumba, pakuti kuika malata ndi simenti pa malo a kuchikazi osauza eni ake nkudzala mlandu umene udzamera inu mutapita.

Pokambirana, yang'anani mbali. Khonde loyang'ana kuzambwe limatentha masana onse a Okutobala, ndipo palibe akhalapo. Loyang'ana kumwera limalandira mphepo yozizira ya mwera m'miyezi ya Juni ndi Julayi. La kum'mawa ndilo lokoma kukhalapo, koma ngati ndalama ikwanira mbali imodzi yokha, yambani ndi mbali imene khoma ladyeka kale. M'lifupi mwake lisachepere mapazi 4, ndipo likafika mapazi 5 kapena 6 mpamene mphasa iyalika bwino munthu nadutsa pambali. Pansi pake pakwere phazi limodzi kuposa bwalo, koma pasapose pansi pa m'nyumba, ndipo papendekere kunja pang'ono. Tinaona khonde lina lokongola ndithu, losalala ngati mbale, limene linapendekera kukhomo: mvula yoyamba inalowa mpaka kuchipinda.

Nkhani ya nsanamira ifuna kuti tikhalepo kanthawi, pakuti apa mpamene makonde ambiri amafera. Kale anthu ankadula muwanga, mlombwa, kapena tsanya kuchigwa cha Shire, mitengo imene chiswe chimailephera, ndipo nsanamira imodzi inkasunga denga kufikira adzukulu. Lero mitengo imeneyi yatha m'malo ambiri. Yotsalayo itetezedwa ndi lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo Mkristu sayenera kumanga khonde lake ndi mtengo wobedwa usiku m'nkhalango ya boma. Chotsalira ambiri ndi bulugamu. Bulugamu ngwabwino akakhwima ndi kuuma, koma wauwisi amang'aluka ndi kupindika, ndipo chiswe chimamkonda. Mduleni miyezi ingapo nchito isanayambe, msendeni makungwa, mgonekeni pamthunzi pamwamba pa miyala kuti aume pang'ono pang'ono. Ndipo chachikulu ndi ichi: nsanamira isalowe m'dothi. Ikhale pa kachulu ka njerwa ndi simenti, yogwidwa ndi chitsulo chozikika m'simentimo, kuti chiswe chikafuna kukwera chiyambe chamanga njira yake poyera pamene maso aona. Kuwaula tsinde pamoto ndi kulipaka mankhwala a chiswe kumathandiza, koma sikulowa m'malo mwa kachuluko. Amene angathe, amange nsanamira za njerwa zokha, ndi chitsulo pakati pake.

Denga la khonde liri ndi vuto lake. Mphepo ya mkuntho imene imatsogolera mvula yoyamba imalowa pansi pa khonde ndi kukankhira denga kumwamba, kotero kuti kulemera kwa denga sikukwanira kulisunga, liyenera kumangidwa. Mtanda umangidwe ku nsanamira ndi waya wolimba kapena lamba wachitsulo, phaso limangidwe ku mtanda, ndipo misomali ya malata ikhomedwe pamwamba pa mzere wotumphuka, osati m'ngalande moyenda madzi, ndi kuchulukitsidwa m'mphepete. Amisiri odziwa amakonda kuti malata a khonde akhale paokha, olowa pansi pa denga la nyumba, osati lata limodzi lochokera pamsonga kufikira kukhonde. Potero mphepo ikalanda khonde, nyumba itsala yofoleredwa. Pogula malata kumbukirani kuti nambala ikachepa lata likhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32, ngakhale ogulitsa ena sanena zimenezi kwa munthu wa kumudzi. Wofolera ndi udzu amwete mu Juni moto usanalowe m'tchire, ndipo denga lake lipendeke kwambiri kuposa la malata, kuti madzi asagone m'udzumo.

Zitatero, werengani. Titenge khonde la mamita 6 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Lifuna malata 9 kapena 10. Pansi pake, mukathira konkire wokhuthala mainchesi 3, wosakaniza ndowa 1 ya simenti, ndowa 3 za mchenga ndi ndowa 6 za miyala yoswa, mudzatha matumba ngati 3 a makilogalamu 50; ndipo padzafunika ena omangira njerwa za m'mphepete ndi kusalaza pamwamba. Pomangira njerwa, ndowa 1 ya simenti ipita ndi ndowa 6 za mchenga. Ngati ndalama ya simenti palibe, musachite manyazi: pansi pa dothi lotsendera bwino ndi lozira, pokhala denga liri lolimba, pamasunga khoma chimodzimodzi. Nchabwino kugula zipangizo zonse nchito isanayambe, pakuti mitengo ya zinthu siidikira munthu. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene anasunga ndalama ya malata m'thumba anadzuka ali ndi malata ochepa kuposa amene anagona nao. Simenti yekha musamgule msanga kwambiri, chifukwa amauma m'thumba akamva chinyontho. Msungeni pa matabwa, kutali ndi khoma.

Tsopano tinene za mmisiri, ndipo tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Zaka zingapo zapitazo tinafuna khonde pa nyumba yathu. Tinaitana mnyamata wina wa mu mpingo mwathu, woimba bwino m'kwaya, ndipo poti tinkamdziwa, tinayesa chamanyazi kufunsa zambiri kapena kulemba kanthu. Tinamtsitsa mtengo kufikira iye anangoti, "Chabwino, aphunzitsi, monga mwanenamo," ife nkukondwa kuti tachenjera. Kenaka tinampatsa ndalama yonse tsiku lomwelo, pakuti anati mwana wake akudwala. Anagwira masiku atatu, napeza nchito ina ya malipiro abwino kutauni, napita. Anabwera mitambo itayamba kale kuda, nazika bulugamu wauwisi m'dothi mofulumira, nakhoma malata. Chaka chachiwiri chisanathe chiswe chinali chitadya nsanamira ziwiri, ndipo mphepo inanyamula malata atatu. Tinakwiya, ndipo kwa miyezi ingapo kuimba kwake pa Misa sikunatikomere. Koma titaganiza bwino tinaona kuti mlandu unali wa tonse awiri. Mtengo umene tinamkakamiza sukadadyetsa banja lake masiku a nchitoyo. Tsiku lomaliza sitinalitchule. Za mtengo wa nsanamira sitinanene kanthu. Iye anachita manyazi kukana mphunzitsi, ife tinachita manyazi kupangana naye ngati mmisiri, ndipo manyazi awiriwo anabala udani.

Chifukwa chake posankha mmisiri musafunse pakamwa pake, funsani nchito yake. Pitani mukaone khonde limene anamanga zaka zitatu zapitazo, osati la dzulo. Gwedezani nsanamira, yang'anani ming'alu, ndipo funsani mwini nyumbayo iye palibe ngati anamaliza pa nthawi yake. Funsani amisiri awiri kapena atatu mtengo wao. Wotsika kopambana mchenjere naye, pakuti kawirikawiri adzabweza pa simenti wanu kapena pa masiku anu. Mbale wanu kapena mnzanu wa mu mphakati mungathe kumlemba, koma ameneyo ndiye afunika pangano lomveka koposa mlendo, popeza mlendo mukayambana naye apita kwao, koma mbale mudzakumana naye pamaliro ali onse.

Panganolo lichitike poyera, pamaso pa mboni ziwiri, wina wa mbali yanu, wina wa mbali yake, ndipo lilembedwe pa mapepala awiri ofanana. Tsamba la m'kope la mwana wa sukulu likwanira. Mulembe kukula kwa khonde, mtundu wa nsanamira ndi wa denga, mtengo wonse wa nchito, tsiku loyamba ndi lomaliza. Mulembenso tinthu timene timaoneka tating'ono, pakuti ndito timayambanitsa anthu: wogula zipangizo ndani, wolipira anyamata othandiza ndani, wotuta mchenga ndi madzi ndani, nsima ya masana iphikidwa kapena ai. Ndalama igawidwe patatu: pang'ono poyamba, ina maziko ndi nsanamira zikaima, yotsala nchito ikatha ndi kuonedwa. Ndalama iri yonse yoperekedwa ilembedwe kuseri kwa pepalalo, onse awiri nasaina kapena kudinda chala. Mukasintha maganizo nchito iri pakati, monga kufuna masitepe kapena kampanda, umenewo ndi mtengo wina, ndipo mupangane musanayambe. Lamulungu nchito iime. Ndipo mowa usakhale gawo la malipiro: munthu wokwera padenga ndi nyundo afunika mutu wake wonse, ndipo mkazi wake kunyumba sangaphikire ana kachasu.

Ambiri powerenga izi adzati taikira kumbuyo eni nyumba. Ai ndithu. Pa milandu imene tamva, ina inali ya mmisiri wothawa, koma inanso inali ya mmisiri amene anamaliza bwino lomwe, nayenda ulendo ndi ulendo kukapempha ndalama yake ngati wopemphetsa, mwini nyumba atakhala pa khonde lomwelo namuuza kuti, "Mubwere fodya akagulidwa." Katekisimu aika kumana wanchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, pamodzi ndi kupha munthu dala. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, anaphunzitsa kuti kuvomera kwa wanchito pakokha sikuyeretsa malipiro, ngati wavomera chifukwa cha umphawi malipiro osakwanira kumsunga. Ndiko kulakwa kumene ife tinachita ndi mnyamata uja. Yosefe Woyera anadyetsa Banja Loyera ndi nchito ya manja yonga yomweyi, ndipo Papa Piyo XII mu 1955 anaika tsiku la 1 Meyi kuti likhale chaka cha Yosefe Wanchito. Wopanda ndalama yokwanira mmisiri adikire chaka china, kapena anene poyera pachiyambi kuti adzalipira ndi chimanga kapena mbuzi, ndipo zilembedwe momwemo.

Yesetsani kuti nchito ithe mwezi wa Okutobala usanathe. Simenti akathiridwa afuna madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, ndi kufunditsidwa udzu kapena masaka onyowa, pakuti dzuwa la nyengo imeneyo limamuumitsa asanalimbe, ndipo amafumbutuka. Iyi ndi nchito ya eni nyumba, ndipo anyamata a pakhomo athandize amai ao kutunga. Tsiku lolandira nchito itanani mboni zija. Gwedezani nsanamira iri yonse, yang'anani mawaya onse a kumtanda, ndipo thirani ndowa ya madzi pafupi ndi khomo muone kumene alowera. Akathamangira kubwalo, perekani ndalama yotsala tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Akabwerera kukhomo, mmisiri akonze, ndipo ndalamayo imdikire m'manja mwa mboni.