Kulipira Cinthu Cisanapangidwe: Malonda a Mabaji a Nthano za ku China

Baji tonse tiidziwa. Timaiona pa yunifomu ya mwana wa sukulu, pa cipewa ca wapolisi, ndi pa cifuwa ca munthu wa cipani masiku a kampeni. Kwathu munthu abvala baji kuti anthu adziwe gulu lace. Koma ku America, ku Ulaya ndi maiko ena kuli anthu amene agula mabaji acitsulo okongola n'kumangowasunga, monga ena amasungira masitampa. Amawabaya pa nsalu, pa cikwama kapena pa thabwa lopacika pa khoma, ndipo amasinthana ndi anzao. Ena mwa mabaji amenewa ali ndi zithunzi za zilombo ndi anthu a m'nthano zakale za ku China.

Cimene tifuna kuti tiyang'ane pamodzi, abale awerengi, ndi magulidwe ace. Nthawi zambiri wogula alipira baji ikali cithunzi cabe pa kompyuta, miyezi ingapo isanasulidwe. Malonda onsewa aima pa zinthu ziwiri: nthano imene ili pa baji, ndi cikhulupiriro ca wogula pa munthu amene sanamuonepo.

Mapangidwe a baji

Baji zimenezi azicha enamel pin m'Cizungu. Zambiri ndi zazikulu ngati cotsekera ca botolo, zina zifika pa bokosi la macisa. Wojambula atumiza cithunzi cace ku fakitale. Kumeneko asula cikombole cacitsulo colimba, ndipo makina aciponda pa mkuwa kapena pa citsulo cofewa, n'kusiya mizere yotumphuka ndi timaenje pakati pace. M'timaenjemo athiramo utoto, mtundu uliwonse pa malo pace, kenaka aumitsa mu uvuni. Ngati utoto wasiyidwa pansi pa mizere, kotero kuti cala cimamva mabampu, imeneyo ndi soft enamel. Ngati adzaza mpaka pamwamba n'kupala kuti pasalale ngati galasi, ndi hard enamel, ndipo mtengo wace umakwererapo. Citsulo cace amacikuta ndi mtundu wa golide, siliva kapena wakuda, ndipo kumbuyo amalumikizako kamsomali kobayira.

Luso limeneli lili ndi kholo lace. Ku China kuli nchito yakale yokongoletsa miphika ndi mbale za mkuwa: amamata timawaya pa mkuwa, kuthira ufa wa galasi pakati pace, kuocha pa moto kangapo, ndi kupala. Nchitoyi aicha jingtailan, dzina locokera kwa mfumu Jingtai imene inalamulira kuyambira 1449 kufikira 1457. Mabaji a lero ambiri sathira galasi leni-leni koma utoto woumitsidwa, komabe nzeru ya mizere ndi timaenje ndi yomweyo. Ndipo ngakhale wojambula akhale ku London kapena ku Toronto, mabaji ambiri asulidwa m'mafakitale a ku China komweko, m'mizinda yonga Kunshan ndi Zhongshan.

Bvuto la wojambula lili pa cikombole. Woumba njerwa adziwa kuti cikombole ulipira kamodzi, kaya uumba njerwa khumi kaya cikwi. Tiyerekeze kuti cikombole ca baji cadya madola 50. Mukapanga mabaji 10, iliyonse yasenza madola 5 a cikombole. Mukapanga 100, iliyonse yasenza theka la dola. N'cifukwa cace mafakitale kawiri-kawiri afuna oda ya mabaji 50 kapena 100 a cithunzi cimodzi. Tsono wojambula amene ali ndi zithunzi 12, cimodzi pa nyama iliyonse ya kalendala ya ku China, afunika zikombole 12 ndi mabaji mazana-mazana asanagulitse ngakhale imodzi. Ndalama zotere ambiri alibe.

Msonkhe-msonkhe wa pa intaneti

Apa ndi pamene pabwera njira imene aicha crowdfunding, ndiye kuti msonkhe-msonkhe wa khamu. Malo odziwika kwambiri pa nchito imeneyi ndi Kickstarter, imene inayamba ku New York mu Epulo 2009. Wojambula aika zithunzi zace pamenepo, anena ndalama zimene afuna, ndipo aika masiku, osapitirira 60. Aliyense wokondwera alonjeza ndalama, ndipo malipiro ace ndi baji ikadzapangidwa.

Lamulo la Kickstarter ndi lakuti zonse kapena palibe. Ngati wojambula anafuna madola 1,000 ndipo tsiku lomaliza malonjezo afika pa 990, palibe amene acotsedwa ndalama, ndipo wojambula salandira kanthu. Ngati akwana, Kickstarter itengapo 5 pa 100 paliponse, osamutsa ndalama atengaponso pakati pa 3 ndi 5, zotsala zipita kwa wojambula. Mwa nchito zonse zoikidwa pa Kickstarter, pafupi-fupi 4 pa 10 ndizo zimakwanitsa ndalama zimene zinafunidwa.

Ojambula mabaji ali ndi kacenjerero kao. Ayamba ndi cithunzi cimodzi kapena ziwiri, zina n'kuziphimba. Ndalama zikakwera kufika pakuti, abvundukula cacitatu, zikakweranso, cacinai. Motero wogula amene afuna baji ya nkhandwe, imene ikali yophimbidwa, ayamba yekha kuitana anzace kuti asonkhe. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo pano wogula aliyense asanduka wolengeza malonda.

Wina angati ici ndi cilimba. Zisiyana. M'cilimba tidziwana, tidziwa nyumba ya msungicuma, ndipo ndalama ibwerera ngati ndalama. Pano osonkha ali m'maiko osiyana-siyana, sanaonanepo, ndipo cobwera ndi katundu. Zifanana kwambiri ndi kugula cimanga cikali m'munda: walipira lero mtengo wochipa, koma mvula ikadula, iwenso walira.

Nthano zimene zili pa citsulo

Nanga n'ciani cikopa munthu kulipirira kacitsulo kosapangidwa? Ndi nthano. Nkhokwe imodzi yaikulu ya ojambula ndi buku lochedwa Shan Hai Jing, la zaka zoposa 2,000, lofotokoza mapiri, nyanja ndi zilombo zodabwitsa. M'menemo muli nkhandwe ya micira 9. Mulinso Jingwei, mwana wamkazi wa mfumu amene anamira m'nyanja ya kum'mawa, nasanduka kambalame. Kuyambira pamenepo kambalameko katola timiyala ndi tizitsotso ku phiri n'kumaponya m'nyanja kuti kaikwirire. Kufikira lero anthu a ku China achula Jingwei ponena za munthu wosatopa pa nchito yooneka yosatheka.

Alimi angakondwe kumva za Shennong, amene dzina lace litanthauza mlimi waumulungu. Nthano iti ndiye anaphunzitsa anthu kulima ndi kubzala mbewu, ndipo analawa zitsamba zambiri-mbiri kuti asiyanitse mankhwala ndi poizoni, mpaka citsamba cina cinamupha. Cinjoka cimene Azungu acicha dragon, ku China si cilombo coononga ai: ndico mwini wa mitsinje ndi mvula, ndipo pa nthawi ya cilala alimi akale anali kupita kukapempha mvula m'nyumba zocipembedzera.

Palinso Chang'e, mkazi amene anamwa mankhwala a moyo wosatha nauluka kupita ku mwezi. Mwamuna wace Hou Yi ndiye analasa madzuwa 9 mwa 10 amene anali kuumitsa mbewu. Ku mweziko Chang'e akhala ndi kalulu wosinja mankhwala mu mtondo. Nthano imeneyi ikali ya moyo kotero kuti combo ca China cimene cinatera pa mwezi mu 2013 cinachedwa Chang'e 3, ndipo kagalimoto kamene cinanyamula kanachedwa Yutu, dzina la kalulu uja. Qilin ndi nyama ya mtendere, yoti siponda ngakhale udzu wamoyo. Mu 1414 mfumu ya ku Bengal inatumiza nyamalikiti kwa mfumu Yongle, ndipo akulu a kunyumba ya mfumu atamuona anati qilin wafika.

Wochuka koposa ndi Sun Wukong, mfumu ya apusi, wa m'buku la ulendo wa kumadzulo limene linasindikizidwa mu 1592. Mbiri yace inakula kunja kwa China mu Ogasiti 2024, pamene masewera a pa kompyuta a Black Myth: Wukong anagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu. Mu 2025 filimu ya Ne Zha 2, yonena za kamnyamata kolimbana ndi mafumu a zinjoka, inapanga madola oposa 2 biliyoni. Munthu amene waona filimu kapena kusewera masewera afuna kanthu kogwira m'manja, ndipo baji ndi yochipa, yopepuka, yosabvuta kutumiza pa positi.

Pamene zinthu zipotoka

Walira mvula walira matope. Ndalama zikalandiridwa, m'pamene nchito iyamba. Fakitale itumiza baji yoyesera. Mtundu ukalakwika, abwezanso. Mabaji akafika, wojambula awayang'ana imodzi-imodzi, ndipo okandika kapena a utoto wosefukira awapatula kuti agulitsidwe mochipa. Caka Catsopano ca ku China, cimene cigwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, mafakitale atseka masabata angapo cifukwa anchito apita kumidzi kwao. Wojambula amene sanawerengere masiku amenewa aphonya tsiku limene analonjeza.

Ndale za maiko nazonso zifika pa kabaji. Mu Epulo 2025 boma la America linakweza msonkho wa katundu wambiri wocokera ku China kufika pa 145 pa 100, lisanautsitse mu Meyi. Wojambula wa ku America amene anali atalandira kale ndalama pa mtengo wakale anatsala ndi njira zitatu: kulipira msonkho m'thumba mwace, kupempha osonkha kuti aonjezere, kapena kudikira.

Aliponso amene sapereka kanthu. Mu 2015 mphunzitsi wa pa University of Pennsylvania, Ethan Mollick, anafunsa osonkha oposa 47,000, napeza kuti nchito 9 pa 100 zimene zinalandira ndalama pa Kickstarter sizinapereke zolonjezedwa. Kickstarter imanena poyera kuti si sitolo, ndipo si iyo ibweza ndalama zotere. Koma ciwerengero comweco cionetsanso kuti oposa 90 pa 100 anasunga pangano ndi anthu osawadziwa. Osonkha ocenjera ayang'ana ngati wojambula anaperekapo katundu kale, ngati waonetsa baji yoyesera yeni-yeni, ndi ngati amalemba uthenga zinthu zikacedwa. Cete wa wojambula ndiye amapha malonda kuposa kucedwa.

Za ulemu kwa eni nthano

Nthano zakalezi zilibe mwini pa lamulo. Aliyense angajambule Sun Wukong. Koma nkhope imene inajambulidwa mu filimu kapena m'masewera ili ndi eni ace, ndipo kuikopa ndi kuba. Kubanso kumene kudandaulitsa ojambula ndi kwa anthu amene atenga cithunzi ca baji yao, n'kusulitsa zofanana, n'kumagulitsa mochipa.

Pali cina cozama kuposa lamulo. Ena mwa anthu a m'nthanozi kwa eni ace si nthano cabe. Nezha ali ndi akacisi ku Taiwan kumene anthu amamufukizira lubani, ndipo Shennong akumbukiridwa ndi nsembe kufikira lero. Wojambula amene angotola nkhope cifukwa yakongola, osafunsa tanthauzo, angathe kuika cinthu colemekezeka pa malo onyozeka. Safunsa anadya phula. Ojambula osamala awerenga nthano bwino, ndipo pa kakhadi kamene baji ibayidwapo alembapo dzina ndi mbiri yace mwacidule.

Kakhadi kameneko, mmene tionera ife, ndi kofunika ngati baji yomwe. Popanda iko, Jingwei ndi mbalame wamba yonyamula mwala, ndipo Shennong ndi nkhalamba yotafuna masamba. Wosonkha analipiriratu ndalama zace pokhulupirira kuti adzalandira zinthu ziwiri, citsulo cosulidwa bwino ndi nthano yonenedwa moona. Wojambula amene apereka zonse ziwiri, ngakhale atacedwa mwezi umodzi, anthu ace adzamusonkheranso ulendo wina.