Kusintha Kilachi ya Galimoto Yakale Yaliwiro

Munthu akaima pa Intercity, m'mseu wa Dedan Kimathi, nthawi ya m'mawa, aona mabasi akuru alikuturuka pang'ono-pang'ono, kuima ndi kuyendanso, kufikira atapeza njira ya ku Chipata kapena ya ku Livingstone. Kuyenda kotere kumatheka cifukwa ca cipangizo cobisika pakati pa injini ndi giyabokosi, cochedwa kilachi. Nkhani ya lero ndi ya kilachi ya magalimoto ang'ono aliwiro a masiku akale, monga MGB, ndi m'mene mmisiri angaisinthire popanda kuononga galimoto ya mwini.

Nchito ya kilachi ndiyo kulumikiza ndi kulekanitsa. Injini imazunguza citsulo colemera cozungulira, ndipo mbale ya kilachi imapanikizidwa pa citsuloco ndi masipiringi amphamvu. Dalaivala akaponda copondera, beringi imakankha masipiringiwo, mbale imamasuka, ndipo giya imalowa mosabvuta. Tsono funso ndi ili: mphamvu ya phazi ifika bwanji ku beringiyo? Njira zodziwika ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya waya, wonga wa buleki ya njinga. Yaciwiri ndi ya mafuta oyenda m'paipi, kucokera ku silinda ya kumtunda, pafupi ndi copondera, kufika ku silinda ya kumunsi, pa giyabokosi. Mabasi akuru ambiri amatsata njira ya mafutayi, naonjezapo mpweya wothandiza mwendo wa dalaivala.

MGB inapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo inaturuka ndi kilachi ya mafuta. Koma beringi yace inali ya mtundu wakale, yopanda tizitsulo togubuduka. Inali mphete ya kaboni, cinthu conga mtima wakuda wa pensulo, yomakhula pa citsulo nthawi zonse copondera cikapondedwa. Pa mseu wautali mpheteyi imakhalitsa. Koma galimoto yocokera ku Chelstone m'mawa, yotsata Great East Road kufikira mu Cairo Road, imaima nthawi zosawerengeka, ndipo dalaivala wosiya phazi pa kilachi podikira alikupera kaboni monga mai apera mapira pamphero. Mpheteyo ndi yaing'ono, koma kuti mmisiri aifike pa MGB ayenera kuzula injini yonse. Ici ndico cifukwa coyamba cosinthira.

Cifukwa caciwiri ndi magiya. Giyabokosi ya MGB iri ndi magiya anai opita kutsogolo, ndipo eni ambiri amaikamo ya magiya asanu yochedwa Type 9, imene inali mu Ford Sierra kuyambira 1982. Koma kilachi ya Sierra inali ya waya. Motero mmisiri ayenera kukwatitsa zinthu ziwiri zimene sizinabadwire pamodzi. Angathe kuika cikuta catsopano ca kilachi cosunga silinda yakale kunja pamodzi ndi mphanda yace yacitsulo, kapena angathe kucotsa mphandayo ndi kuika silinda yonga mphete m'kati mweni-mweni, yobvala pa mtanda wa giyabokosi, yokankha beringi molunjika.

Apa ndipo pagona nkhani, pakuti kusintha kilachi ndi nchito ya muyeso. Blaise Pascal, munthu wa ku France amene anamwalira mu 1662, anaonetsa kuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa, kupanikizako kumafika mbali zonse mofanana. Cifukwa cace, silinda ya kumunsi ikaposa ya kumtunda kawiri m'mimba mwace, idzakankha ndi mphamvu yoposa kanai, koma idzayenda gawo limodzi lokha mwa magawo anai a ulendo wa inzace. Copondera cifewa, koma ulendo ufupika. Mmisiri akasankha silinda ya kumtunda yaing'ono kwambiri, mbale siimasuka bwino, magiya amalira polowa, makamaka ya kumbuyo, ndipo mano ace amatha. Akasankha yaikuru kwambiri, copondera cimauma, ndipo pisitoni ya kumunsi ingapitirire malire ace, mphira nkuphulika, mafuta nkukhuthukira pa mbale. Silindayo ikakhala ya m'kati, kudontha kumodzi kokha kutanthauza kuzulanso injini.

Ndico cifukwa cace mmisiri wanzeru amayesa asanamange. Amayesa mtunda wocokera pa nkhope ya cikuta kufika pa zala za sipiringi, nayesanso msinkhu wa beringi itabwerera kumbuyo kotheratu. Pakati pa miyeso iwiriyi payenera kutsala mpata umene wopanga silindayo analamula, popeza mbale ikamatha zala zija zimasendera kumbuyo. Zikasowa malo, kilachi iyamba kuterereka ikali yatsopano. Amaikanso kacitsulo koimitsa copondera kuti cisapitirire. Amene asintha beringi yokha, kucotsa ya kaboni ndi kuika ya tizitsulo togubuduka, ayenera kukumbuka kuti mphanda siiyenda molunjika koma mokhota. Kaboni imalola kuterereka pang'ono cammbali, pamene beringi yatsopano yosakhala pakati peni-peni imadya zitsulo zinzace. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Za mafuta nazo ziri ndi mwambo wace. M'kilachi mumalowa mafuta a mabuleki, monga ochedwa DOT 4, osati oilo ya injini, imene imatupitsa mphira ndi kuiononga. Mafutawa amamwa cinyontho ca mumpweya, maka-maka m'dzinja, ndipo akakalamba amacititsa dzimbiri m'masilinda. Motero ayenera kusinthidwa zikapita zaka ziwiri. Mpweya wotsalira m'paipi uyenera kuturutsidwa wonse, pakuti mpweya umafinyika, ndipo phazi limangopondereza mpweyawo kilachi osasuntha. Paipi ipite kutali ndi ekizozi, ndipo pobowola poturutsira mpweya pakhale pamwamba, pofikika ndi sipanala.

Magalimoto a mtundu uwu ndi owerengeka mu Lusaka, ndipo zipangizo zace zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zambiri. Mwini galimoto wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, popereka nchito yotere kwa makaniko wa ku Kabwata, acita bwino kufunsa mafunso atatu injini isanabwezedwe: kukula kwa masilinda onse awiri, mpata wotsala pa beringi, ndiponso ngati kilachi yayesedwa kuti ikumasuka. Zitsulo zakale zocotsedwazo azisunge m'bokosi, cifukwa tsiku lina wogula adzafuna galimotoyo monga inaturukira ku Abingdon. Ndipo nchito ikatha, dalaivala aphunzire kuika giya pakati ndi kucotsa phazi pa copondera akaima pa maloboti.