Kodi Tymora amapembedzedwa ndi ndani?

Makolo ena amandifunsa ngati mwana wotchulatchula Tymora, mulungu wamkazi wa mwayi m'masewera a Dungeons & Dragons, walowa zausatana. Ine ndikuti ayi. Masewerawa, omwe adayamba ku America mu 1974, ndi nthano yosimbira pamodzi: wina amatsogolera nkhani, ena amakhala anthu a m'nkhanimo, ndipo dayisi ya mbali 20 ikaponyedwa ndiyo imanena ngati chomwe munthu wayesa chatheka. Tymora adachita kupekedwa ndi olemba, pamodzi ndi m'bale wake Beshaba, mwini tsoka. Omupembedza ndi anthu a m'nthanomo, osati mwana woponya dayisiyo, monganso agogo osimba za Kalulu sasanduka tambwali.

Wina anganene kuti masewera otamanda mwayi amaphunzitsa juga. Nkhawayi ndi yomveka, makamaka pa Chisemphere, pomwe ndalama za fodya wogulitsidwa ku Chinkhoma zimabwera kamodzi pachaka, ndipo zikhoza kuthera kubetcha mpira pafoni. Koma pamasewerawa sabetcherana ndalama, ndipo osewera sapikisana. Amayenda gulu limodzi, wina akagwa m'dzenje anzake amam'vuula. Kholo liyambe lafufuza ngati pali ndalama yomwe ikutuluka m'thumba la mwanayo.